Matayala aakulu pa 4x4: mainchesi 32, 33 kapena 35, ndi zimene saizi iliyonse imakoka pambuyo pake

Pa galimoto ya 4x4, chimene chimakweza difu ya kumbuyo, chibulumwa cha magiya chapakati pa ekiselo, kuchoka pansi ndi kutalika kwa tayala basi. Mutha kuika masipiringi aatali ndi mashoko atsopano, galimoto n'kuoneka yakula msinkhu, koma chibulumwa cha difu chija chimatsala pomwe chinali, ndipo ndi chomwecho chimene chimakwecha pamsana wa msewu mukalowa m'mikwasa imene malole ndi mathirakitala amasiya m'dzinja. Choncho wofuna matayala aakulu sakulakwa. Pofunika kuyang'ana bwino ndi poti zimene mumapeza ndi theka la zimene mwawonjezera: tayala likatalika ndi mamilimita 54, difu imakwera ndi 27.

Hilux ndi Fortuner zambiri zimene zikuyenda m'Blantyre muno zinabwera ndi 265/65R17, ndiye tiwerengere pamenepo. Nambala ya 265 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita, 65 ndi kutalika kwa khoma lake monga peresenti ya m'lifupimo, ndipo 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Khoma ndi mamilimita 172. Liwerengeni kawiri, la pamwamba ndi la pansi, muwonjezere rimu ya mamilimita 432, mupeza 776. Powerengera momwemo, 265/70R17 ndi 803, 285/70R17 ndi 831, ndipo 315/70R17 ndi 873. Awa ndi amene m'mashopu amawatchula kuti a 32, a 33 ndi a 35, ngakhale kuti palibe limene limakwana ndendende mainchesi amenewo. Dziwaninso kuti matayala awiri a nambala imodzi koma ochokera ku makampani osiyana amatha kusiyana ndi mamilimita angapo, ndipo la mano akuluakulu limakhala ndi mapewa otuluka kwambiri kuposa la mano ang'onoang'ono. Mapewawo ndi amene amayamba kukhula bodi.

A 32: kukwera sitepe imodzi

Kuchoka pa 265/65R17 kupita pa 265/70R17 kumakweza difu ndi mamilimita 13, ndipo tayala limakula ndi 3.4 peresenti. M'lifupi simusintha, ndiye rimu yanu ya fakitale ikwanira, manati ndi omwewo, ndipo nthawi zambiri sipeya imalowa pamalo ake pansi pa bodi. Pa Hilux, ngati lingakhule penapake, limakhula pa kalabala ka matope ka kuseri kwa tayala lakutsogolo kapena pa pulasitiki ya m'kati mwa madigadi, makamaka mukakhota chiwongolero chonse mukubwerera m'mbuyo. Kumasula kalabala kaja kapena kutenthetsa pulasitiki n'kuikankhira m'kati ndi ntchito ya ola limodzi.

Mamilimita 13 akumveka ochepa, ndipo ndi ochepadi. Phindu lenileni la saizi imeneyi lili pa khoma lotalikirapo, lomwe limameza mabampu ndi kuteteza rimu mukagwera m'dzenje la pa tala, komanso poti imapezeka ndi matayala a LT, a khoma lolimba. Kwa munthu amene mkati mwa sabata amayenda Chipembere Highway ndi misewu ya maenje ya m'makwalala, kumapeto kwa sabata n'kupita kumunda ku Thyolo kapena kumudzi ku Phalombe, ife timaona kuti pamenepa mpamene ayenera kuimira.

A 33: tayala limodzi, ntchito zisanu

Pa 285/70R17 mpamene nkhani imakula. Difu yakwera ndi mamilimita 27, tayala lakula ndi 7 peresenti, ndipo lanenepa ndi mamilimita 10 mbali iliyonse. Rimu yake iyenera kukhala ya mainchesi 7.5 mpaka 9 m'lifupi.

Yambani ndi offset, yomwe ndi nambala yolembedwa kuseri kwa rimu, kawirikawiri pambali pa zilembo ET. Imasonyeza pomwe tayala limakhala: nambalayi ikachepa tayala limatulukira kunja, ikakula limalowera m'kati. Rimu ya fakitale ya Hilux ya mainchesi 17 imakhala pa +30. Mukaikapo 285 pa rimu yomweyo, khoma la m'kati limayandikira mkono wa pamwamba wa sasipenshoni, upper control arm, ndi mamilimita 10, ndipo pa matayala ena mpata wotsala sulowa ngakhale chala. Ambiri amathawira ku rimu ya offset 0. Imeneyo imatulutsa tayala kunja ndi mamilimita 30, ndiye mukaphatikiza ndi kunenepa kuja, mphepete ya kunja yatuluka ndi 40. Ku mkono kuja kwapezeka mpata, inde, koma tayala lotuluka kunja limazungulira bwalo lalikulu mukakhota. Kumbuyo kwake limagunda chitsulo chimene bodi imakhalira pa chasisi, kutsogolo limagunda ngodya ya bampala. Limaponyanso matope ndi timiyala pa zitseko, ndipo limalemetsa mabelingi a ma hub, pomangirira marimu paja, chifukwa kulemera sikukugweranso pakati pawo. Pakati pa ziwirizi, offset ya +10 mpaka +20 ndi imene imachepetsa zodula. Ngakhale zili choncho, pa Hilux zambiri a 33 amafunabe kuti chitsulo cha bodi chija chidulidwe pangodya n'kuwotcherera chipepala cha chitsulo chotseka. Ntchito imeneyi ndi ya wowotcherera wodziwa chasisi. Akasiya pobowoka, madzi ndi dothi zimalowa, dzimbiri n'kuyambira m'kati momwe simukuona.

Pogula marimu onetsetsani zinthu zitatu. Mabowo: Hilux, Fortuner, Prado, Ranger, D-Max ndi Pajero zili ndi mabowo 6 pa bwalo la mamilimita 139.7, koma Navara D40 ndi 6 pa 114.3, ndipo Land Cruiser 100, 200 ndi 79 ndi 5 pa 150. Bowo la pakati: la Toyota za mabowo 6 ndi mamilimita 106.1, la Ranger ndi 93.1, choncho rimu ya fakitale ya Ranger singalowe pa Hilux ngakhale mabowo a manati akugwirizana. Chachitatu ndi manati enieniwo. Marimu a aluminiyamu a Toyota amamangidwa ndi manati okhala ndi washala wafulati, pamene marimu ambiri ogula padera amafuna manati osongoka. Mukasakaniza, nati imagwira ndi kamphepete kokha, imamasuka pang'onopang'ono, bowo n'kuyamba kukula.

Masipesa, zitsulo zoika pakati pa rimu ndi hub, amachita ntchito yofanana ndi rimu ya offset yochepa pa mtengo wotsika. Alipo a mitundu iwiri ndipo sitimaiona mofanana. Yomangidwa ndi manati akeake pa hub, yokhala ndi mabawuti ake komanso mlomo wapakati wokhalira rimu, imagwira ntchito ngati yamangidwa bwino. Yopyapyala yongolowetsa pa mabawuti a fakitale imadya ulusi wa bawuti. Bawuti ya Hilux ndi M12 × 1.5, ndipo nati iyenera kugwira pafupifupi mamilimita 12, kutanthauza kuzungulira kasanu ndi katatu isanalimbe. Ikalimba itangozungulira kanayi kapena kasanu, musayende nayo.

Kenako pali kukweza galimoto. Apa pali chinthu chimene ogulitsa ena safotokoza: pa galimoto za sasipenshoni yoyenda payokhapayokha kutsogolo, monga Hilux ya kuyambira 2005, Ranger ndi Prado, kukweza kumasintha pomwe galimoto imaima, osati pomwe tayala limafika sasipenshoni ikafinyika mpaka kumapeto. Tayala limene likukhula galimoto isanakwezedwe lidzakhulabe tsiku limene mudzagwere m'ngalande mutanyamula matumba a chimanga. Kukweza kumangochititsa kuti likhule mwa apo ndi apo.

Njira zake ndi zitatu. Yotchipa ndi kuika sipesa pamwamba pa shoko ya kutsogolo. Galimoto imakwera, koma sipiringi ndi shoko ndi zomwe zija zotopa, ndipo tayala likalendewera pansi mkono wa pamwamba umatha kugunda sipiringi, ball joint, mfundo ya kumapeto kwa mkonowo, n'kupindika mopitirira. Yachiwiri ndi kusintha masipiringi ndi mashoko onse ndi opangidwira kukwera kwa mamilimita 40 mpaka 50. Imadula, koma ndi yokhayo imene imakonzanso kayendedwe ka galimoto, chifukwa shoko yatsopano imakwanitsa kugwira tayala lolemera. Tayala la fakitale limalemera pafupifupi makilogalamu 17 kapena 18, pamene la LT285/70R17 limafika cha m'ma 25 kupita m'mwamba, ndipo shoko yotopa imalisiya likudumphadumpha pa msewu wa malata. Sankhani masipiringi molingana ndi katundu amene amakhala pa galimoto nthawi zonse. Masipiringi a kumbuyo opangidwira makilogalamu 300 osachoka, pa pikapu yoyenda yopanda kanthu, amathyola msana. Yachitatu ndi kukweza bodi yokha pa chasisi ndi timabuloko. Imeneyi imaperekadi mpata pamwamba pa tayala popanda kukhudza ma CV, mfundo za ndodo zozungulitsa matayala akutsogolo, koma imakoka ndodo ya chiwongolero, mapaipi a mabuleki, chotchinga cha fani ya radiyeta ndi mabampala, ndipo chitsulo cha pa chasisi chokhula tayala chija sichisuntha.

Musapitirire mamilimita 50 kutsogolo. Kupitirira apo ma CV joint amagwira ntchito atapindika kwambiri, malabala ake amang'ambika, girisi n'kutuluka, mchenga n'kulowa, ndipo mumayamba kumva khwa khwa khwa pokhota. Caster, kupendekeka kumene kumathandiza galimoto kuyenda molunjika, nayo imachepa, galimoto n'kumayendayenda pa msewu, ndipo wa alaimenti akalephera kuibweza ndi mabawuti a fakitale mufunika mikono ya pamwamba ina. Pa mapikapu akale okhala ndi valavu yogawa mphamvu ya mabuleki molingana ndi katundu, yomwe imalumikizidwa ku ekiselo ya kumbuyo ndi kandodo, kukweza kumbuyo kumainamiza kuti galimoto ilibe katundu, ndipo imachepetsa mabuleki a kumbuyo. Kandodoko kayenera kukwezedwa ndi muyeso womwewo. Nyale zakutsogolo nazo ziwongoleredwe.

Aatali koma oonda

Eni Land Cruiser 70 ndi galimoto zina za rimu 16 ali ndi njira imene ambiri amaidumpha chifukwa siisangalatsa m'maso. Tayala la 7.50R16 limene Cruiser zambiri za mabungwe ndi za m'maesiteti zimayendera ndi lalitali kale, pafupifupi mofanana ndi 235/85R16 lomwe ndi mamilimita 806. Ofuna kukwera amathamangira ku 285/75R16, lomwe ndi 834. Koma 255/85R16 ndi 840, lalitali kuposa pamenepo, loonda ndi mamilimita 30, ndipo limalowa pa rimu ya mainchesi 6.5 mpaka 8 osatuluka kunja kwa madigadi.

M'katondo wa ku Thyolo ndi Mulanje, kumene pamwamba pamaterera koma pansi pali polimba, tayala loonda limacheka n'kukagwira polimbapo, pamene lonenepa limayandama n'kumatsetsereka cham'mbali. Loonda limatsatanso bwino mikwasa ya galimoto zina, ndi lopepuka, ndipo silivutitsa chiwongolero. Lonenepa limapambana m'mchenga wakuya wa m'mitsinje youma ndi m'makande a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene pansi polimba palibe, ngakhale kuti m'makande onyowa bwino tayala lililonse limadzaza n'kusanduka mpira. Chovuta cha 255/85R16 ndi kupezeka kwake. Funsani ogulitsa a ku Limbe ndi ku Ginnery Corner musanasinthe marimu, ndipo mukalipeza gulani asanu kapena asanu ndi limodzi nthawi imodzi. Tayala likang'ambika muli ku Neno kapena ku East Bank, 7.50R16 mutha kulipeza pafupi, koma saizi yachilendo muidikirira kuchokera ku Johannesburg.

Marimu ogawikana a Cruiser, aja a mphete ndi chubu, ambiri ndi a mainchesi 5.5, oonda kwambiri kwa 235/85R16 lomwe limafuna 6 kupita m'mwamba. Popopa tayala la pa rimu yoteroyo munthu asaweramire pamwamba pake, chifukwa mphete ikakhala kuti sinakhale bwino imafwamphuka ndi mphamvu yopha.

A 35

Pa pikapu ya sasipenshoni yoyenda payokhapayokha, 315/70R17 imafuna kudula madigadi, kudula chitsulo cha bodi kwambiri, kusintha magiya a m'madifu, ndi kupezera sipeya malo ena chifukwa pansi silowa. Difu imakwera ndi mamilimita 48, mphamvu yofika pansi imatsika ndi 11 peresenti, ndipo ma CV, ma tie rod ndi steering rack za chiwongolero zimasanduka zinthu zogula pafupipafupi. Ndi za galimoto yosewerera. Pa Land Cruiser 80 kapena Patrol za ekiselo yolimba kutsogolo n'zotheka ndithu, komabe magiya ayenera kusinthidwa.

Chitunda cha Thabwa ndi nkhani ya magiya

Tayala lalikulu lili ngati kukwera njinga pa giya yolemera: mukapalasa kamodzi mumapita patali, koma pachitunda miyendo imalira. Ndi a 33, injini imene inkazungulira ka 2,000 pa mphindi pa liwiro linalake imatsikira cha pa 1,870, ndipo mphamvu yofika pansi imachepa ndi 6.5 peresenti. Pa injini za turbo monga 3.0 D-4D kapena 2.8 GD-6 mumazimva koma mumapirira. Pa injini ya Land Cruiser ya 1HZ, ya 4.2 yopanda turbo, yomwe ili ndi 96 kW yokha, kapena pa 3L ndi 5L za Hilux zakale, mumazimva pa chitunda chilichonse, ndipo ponyamuka ndi katundu pamtunda kilachi ndi imene imalipira.

Msewu wa M1 kuchoka ku Blantyre kutsikira ku Chikwawa kudzera pa chitunda cha Thabwa umatsika mamita pafupifupi 900, ndipo umayesa zonse ziwiri. Pokwera, giyabokosi ya otomatiki imasakasaka giya, mafuta ake n'kutentha, choncho itsekereni nokha pa giya yotsika ndipo ngati mumakoka ngolo ganizirani zoika choziziritsira mafutawo (cooler) chowonjezera. Potsika, mabuleki omwe aja akugwira tayala lalitali ndi lolemera, pomwe injini nayo ikubweza mofooka chifukwa magiya atalika. Tsikani ndi giya imodzi pansi pa imene munazolowera. Mafuta a mabuleki okhalitsa amakhala atamwa chinyezi ndipo amawira msanga, ndiye asintheni nthawi yomwe mukuika matayala.

Kubwezeretsa mphamvu kumafuna kusintha crown wheel ndi pinion, magiya awiri aakulu a m'kati mwa difu. Chulukitsani ratio ya difu yanu, nambala ya mmene magiyawo amachepetsera kuzungulira, ndi kukula kwa tayala (1.07 pa a 33). Ngati ndi 3.909, pa a 33 mupeza 4.18, ndiye 4.10 kapena 4.30 ndi zoyandikira. Pa a 35 mupeza 4.39, ndipo ambiri amasankha 4.56 poganizira kulemera. Madifu onse awiri asinthidwe ndi ratio imodzi, apo ayi tsiku loyamba kulowetsa 4x4 kutsogolo ndi kumbuyo zidzalimbana mpaka china chithyoke. Makaniko wake akhale ndi geji yoyezera backlash, kampata ka pakati pa mano a magiya, ndi utoto woonera pomwe mano akugundana. Difu yomangidwa mongoyerekeza imayamba kulira pakangopita masabata ochepa.

Lamulo la kufanana likukhudzanso sipeya. Pa Prado ndi Land Cruiser 100 kapena 200, zomwe zimakoka ndi matayala onse nthawi zonse, sipeya yaing'ono imagwiritsa ntchito difu ya pakati mosalekeza ndipo imasokoneza ABS. Bajeti yanu ikhale ya matayala asanu.

Mano, khoma ndi mpweya

Nthawi zambiri munthu amene amati akufuna tayala lalikulu amakhala akufunika tayala la mano ena. La AT, la mano apakatikati, limachita bwino pa tala, pa miyala ndi pa fumbi, ndipo limalimba. La MT, la mano akuluakulu a m'matope, limataya matope m'mano mwake likamazungulira, ndiye kuyambira Disembala mpaka Malichi m'misewu ya dothi palibe cholipambana, koma limalira pa tala, limadya dizilo, ndipo pa tala yonyowa limatenga mtunda wautali kuti liime. La MT la saizi ya fakitale lidutsa pamatope pomwe la AT la 33 latitimira.

Onani nambala ya katundu. Tayala la 112 limanyamula makilogalamu 1,120, la 121 limanyamula 1,450. Musatsike pansi pa nambala ya tayala limene galimoto inabwera nalo. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri akugula matayala ogwirapo kale ntchito, ndipo aakulu ndi amene amakopa kwambiri chifukwa atsopano ake ndi odula zedi. Pa khoma pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi likayikireni ngakhale mano akuoneka. Lichotseni pa rimu muone m'kati. Chigamba cha pakhoma, chotupa, kapena ufa wakuda wa labala wosonyeza kuti linayendetsedwa litaphwa, zonsezi ndi zifukwa zolisiyira pomwepo.

Mpweya umasintha zambiri kuposa saizi. Pa tala yambirani pa nambala ya pa kapepala ka pa chitseko, ndipo la LT limafuna wowonjezera pang'ono pa katundu yemweyo. Jambulani mzere wa choko modutsa mano, yendani mamita 50 molunjika, muone. Choko chikafufutika pakati pokha mpweya wachuluka, chikafufutika m'mbali mokha wachepa. Pa msewu wa miyala tsitsani kufika cha pa 1.8 bar, m'matope cha pa 1.5, m'mchenga 1.0 mpaka 1.2, ndipo muchepetse liwiro ndi kukhota mofatsa chifukwa tayala lofewa limavuka pa rimu. Mukafika pa tala popani musanathamange. Tayala lofewa pa liwiro, kunja kukutentha ngati ku Nchalo mu Okutobala, limapsa m'kati n'kuphulika. Kompuresa ya 12V ndi geji yake ndi zotchipa kuposa tayala limodzi.

Matayala akalowa, musachoke pa galaja musanayese. Khotani chiwongolero chonse kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi chobwerera, kenako kwezani tayala limodzi lakutsogolo pa chulu kapena pa mlomo wa ngalande mpaka sasipenshoni ifinyike, mukhotenso. Suzumirani ndi tochi kufuna pomwe pulasitiki kapena chitsulo chayamba kunyezimira, ndipo onani kuti paipi ya buleki ndi waya wa ABS sizikukokeka ku tayala limene lalendewera. Manati amangidwe ndi torque wrench modumphadumpha, pa Hilux cha pa 105 Nm, ndipo muwabwereze mukayenda makilomita 50 mpaka 100. Alaimenti ichitike masipiringi atakhazikika. Uzani a inshuwalansi zimene mwasintha, ndipo tayala lotuluka kunja kwa bodi liphimbeni ndi milomo ya madigadi musanapite kokayezetsa COF. Jeke ya fakitale mwina sikwezanso tayala kuchoka pansi, ndiye iyeseni pakhomo ndipo muziyenda ndi thabwa lochindikala loikapo.

Sipidomita nayo yayamba kunama. Ndi a 33 galimoto ikuthamanga 7 peresenti kuposa mmene inkathamangira singano ili pamalo omwewo, choncho pomwe munkayenda 50 pa Lunzu tsopano muli pa 53 kapena 54, ndipo kamera ya apolisi a pamsewu imawerenga liwiro lenilenilo. Yerekezani ndi GPS ya pa foni pa msewu wowongoka kuti mudziwe kusiyana kwake. Makilomita nawo akuwerengedwa mopelewera: geji ikati 5,000 mwayenda 5,350, ndiye sevisi muziichita msangako, ndipo powerengera kadyedwe ka dizilo muziyamba mwachulukitsa makilomita a pa geji ndi 1.07.